Tsinzinani, Anti Shami

Enifa Matewere anamulakwira mlamu wake, Julius Saizi, Lachitatu la sabata yachiwiri mwana wa Juliusyo chiyambireni sukulu ya mkaka pa Lirangwe. Anamulakwira m'mawa akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, ndipo zoipa zakezo anazipatsira m'manja mwa mwana wa zaka zinayi kuti akazifikitse.

Julius anali mkamwini kwa Matewere, kuseri kwa msika. Mkazi wake Stella, mkulu wake wa Enifa, anamwalira zaka ziwiri zapitazo n'kumusiyira kamtsikana, Vanessa. Mwambo umati mwamuna wotere akuchikazi amusudzule, amuuze poyera kuti wamasuka, akhoza kukakwatira kwina. A kwa Matewere sanamusudzule. Poyamba anati tiyambe takolola. Atakolola anati atsibweni akudwala mwendo. Mwendo utachira anati pamanda palibe chiliza. Julius ankangolima munda wawo, n'kumagona m'nyumba ya malata imene anamanga yekha pa malo a eni. Ntchito yaulonda imene anali nayo inatha mu Juni, ndipo makalata ake ofunsira ina anali mbwee m'maofesi a ku Chileka ndi m'tauni, osayankhidwa.

Chimene chinkamudzutsa m'mawa ndi Shamima Bwanali, mtsikana wachisilamu wogulitsa samusa pakhonde la sitolo ya mchimwene wake, Majid. Bambo awo anamwalira kale, ndiye mawu onse pabanjapo anali a Majid. Anakana miyezi isanu, kenako anafewa pang'ono.

"Za chipembedzo tidzakambirana ankhoswe akabwera," anatero. "Koma mlongo wanga sapita kwa munthu wosagwira ntchito, ndipo salowa m'nyumba yolowa nkhumba."

Julius analumbira kuti nkhumba anasiya mu Epulo, ndipo zinali zoona. Kudikira a kwa Matewere kunali kutamukwana, choncho anauza amalume ake akonzeke kukamufunsira mbeta. Majid anati amalumewo abwere Lamulungu lachiwiri sukulu zikatsegulira, koma Julius akhale ndi kalata ya ntchito m'manja.

*

Tsiku lotsegulira, aphunzitsi anafuna zinthu zitatu: chikwama, botolo la madzi ndi bakuli la chakudya. Bakuli Julius analibe. Chakudya cha mwana anachikulunga mu jumbo.

"Mwana wanga sangadyere mu jumbo ngati usipa," anatero Shamima atawaona akudutsa.

"Mwana wanu?"

"Mwamva kale. Musandibwerezetse pagulu."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabakuli kachitsulo ka amayi ake, kokhala ndi chivundikiro. Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse bambo ndi mwana ankadutsa pakhondepo, Shamima n'kuikamo samusa ziwiri zotentha. Masana poweruka Vanessa ankabwera atasunga kachidutswa m'chibakera.

"Tsinzinani, Anti Shami! Yasamani!"

Shamima ankatsinzina n'kuyasama, mwana n'kumuponyera m'kamwa.

"Iyi ndi keke ya pa ukwati."

"Ayi! Samusa yanu yomwe!"

Vanessa ankaseka mpaka kukhala pansi. Masewera amenewa ankawafotokozera aliyense amene wakumana naye, ndipo Enifa, amene mwanayo ankamutcha amayi aang'ono, anawamva kangapo.

*

Lachiwiri la sabata yachiwiri, dzuwa litapendeka, foni ya Julius inalira. Kampani ina ya alonda ku Chileka, pafupi ndi bwalo la ndege, inkamufuna mawa lake seveni koloko. Kuti munthu wa pa Lirangwe akafike kumeneko nthawi imeneyo ndiye kuti anyamuke faifi, atsike pa Kameza, akwere ina. Sukulu ya mkaka imatsegula hafu seveni. Shamima sakanathandiza, chifukwa Majid analetsa kuti asaponde pakhomo pa Julius ankhoswe asanaonane.

Julius ali chiimire pakhonde, foni ili m'manja, Enifa anatulukira kuchokera kunyumba kwake.

"Alamu, ndamva mukuyankha foni ngati muli kupolisi. Akuitanani?"

"Andiitana. Koma mwanayu sindikudziwa kuti nditani naye."

"Zimenezo n'zofunsa? Pitani. Ndimuperekeza ine. Si mwana wa mkulu wanga?"

"Zikomo, alamu. Mudutse naye pa sitolo ya a Majid, Shamima amuikira chakudya."

"Shamima," anatero Enifa pang'onopang'ono. "Chabwino. Tidutsa kwa a Shamima."

Mwamuna wa Enifa anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo ndipo sanatumizepo ngakhale moni. Pa zaka ziwiri za umasiye wa Julius, mayi ameneyu sanamutungirepo ngakhale ndowa imodzi ya madzi. Munthu wotere akabwera yekha kudzathandiza umayenera kufunsa kuti wafuna chiyani. Julius sanafunse. Analowa m'nyumba kukasita malaya.

*

Ku Chileka anapeza amuna oposa makumi anayi atafola kunja kwa geti, aliyense ndi envulopu yake. Cha m'ma eyiti foni inanjenjemera m'thumba. Anali Shamima.

"Mwafika bwino? Alamu anu sanadutse kuno. Samusa za mwana zazizira."

Julius anapempha wa kumbuyo kwake amusungire malo, n'kuimbira Enifa.

"Tinachedwa, alamu," anayankha Enifa mokoma. "Ndamuikira mbatata yophika. Inu ganizani za ntchito, za kuno zisiyeni."

Julius analembera Shamima: "Anachedwa. M'bakuli muli mbatata. Ndipempherereni."

Yankho linabwera msanga. "Inshallah mupambana. Mukonze kolala, imapindika kumanzere."

Anakonza kolala. Anamuitana cha m'ma leveni, anamuyeza msinkhu, anamufunsa mafunso awo, n'kumuuza kuti tikuimbirani. Pobwerera minibasi inaima pa Lunzu kudikira kuti idzaze, ndipo pofika pa sukulu ya mkaka ana ena onse anali atapita. Vanessa anali yekha pakhonde, chikwama chili pamiyendo.

"Bambo a Vanessa, ino si sukulu yogonera," anatero aphunzitsi akukhoma chitseko. "Ifenso tili ndi ana kunyumba."

Julius anapepesa, ananyamula mwana paphewa, n'kulunjika pa sitolo ya Majid.

*

Anafika amuna akutuluka mu mzikiti pa swala ya masana. Asanu kapena asanu ndi mmodzi anali atazungulira beseni la samusa. Majid anali pakhomo la sitolo, ndipo tsiku limenelo anayamba ndi iye kupereka moni.

"A bwana alonda! Ndege mwazisiya zili bwino?"

"Zili bwino, achimwene. Akuti andiimbira."

Shamima anayang'ana kolala ya Julius n'kumwetulira. Vanessa anatsetsereka paphewa, anatembenukira kukhoma, anatsegula bakuli, n'kubwera chibakera chili kumbuyo.

"Tsinzinani, Anti Shami! Yasamani!"

Amuna aja anaseka. Shamima anawerama, anatsinzina, anayasama. Anatafuna kamodzi, kawiri.

"Iyi si mbatata. Ndi kanyama. Ya mbuzi?"

"Ayi!"

"Ya ng'ombe?"

"Ayi! Mwalephera!" Vanessa anaomba m'manja. "Kapado!"

Pa Lirangwe palibe amene sadziwa kuti kapado ndi nkhumba. Shamima anatsegula maso, anagwira pakamwa, n'kuthamangira kuseri kwa sitolo. Onse anamumva akusanza. Bambo wina amene anali atatenga samusa anaiika pansi pa simenti, n'kupukuta zala pa mkanjo.

Majid anakankha bakuli lija ndi phazi. Munatuluka timafupa ndi chikopa chamafuta, chokhala ndi titsitsi.

"A Saizi, ichi n'chiyani?"

"Achimwene, sindikudziwa. Ine ndinanyamuka faifi—"

"Musanditchule achimwene. Bakuli ili amayi anga amamwera phala pomasula Ramadani. Munalumbira mutaima pomwepo."

"Sindinaike ndine. Alamu anga ndi amene—"

Majid anatola foni ya Shamima pa tebulo, anaifufuza, n'kuwerenga mokweza kuti onse amve. "M'bakuli muli mbatata. Analemba ndani mawu awa?"

"Ndine, koma ndinachita kuuzidwa."

"Tengani mwana wanu muzipita. Pamaso pa mwana sindimenya munthu."

Ali m'njira Vanessa anayamba kulira.

"Ababa, Anti Shami sanakonde? Amayi aang'ono anati ndiwasungire yonona."

Mawu amenewa anawamva Julius yekha.

*

Julius anamupeza Enifa akusenda mtedza pamkeka, akuimbabe nyimbo yake. Julius analowetsa mwana m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Enifa!"

"Iii, ulemu wapita kuti? Akulembani kale ntchito?"

"Munaika chiyani m'bakuli?"

"Chakudya."

"Munandiuza kuti mbatata!"

"Mbatata inalimo. Pansi." Anaswa mtedza wina. "Mwana wa Stella adye chimene Stella ankadya. Kapena pamudzi pano tayamba kupemphera Lachisanu?"

"Munamutuma akadyetse Shamima."

"Ndinamuphunzitsa kugawana ndi anzake. Ku Sande sukulu samaphunzitsa zomwezo?"

Julius anamenya lichero ndi phazi, mtedza n'kumwazika pabwalo ponse.

"Mwamudyetsa munthu chinthu chimene sanalawepo chibadwire, pamaso pa anthu a mzikiti wake! Anakulakwirani chiyani? Amene wakhala akudyetsa mwanayu m'mawa uliwonse ndi iye, inu muli pomwepa!"

Enifa anaimirira, nyimbo itatha tsopano.

"Nanga inu mwatidyetsa chiyani ife? Mkulu wanga wagona pansi popanda chiliza, inu muli kalikiliki ndi ankhoswe. Takusudzulani liti? Mukufuna Vanessa adzavale mpango, azitchedwa Binti, azitinyansidwa ife tikamadya?"

"Ndapempha kusudzulidwa katatu."

"Mukanayang'ana pafupi simukanavutika n'kupempha. Nyumba mukanakhala momwemo, munda womwewo, mwana osasintha pakhomo."

Julius anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo anamva chimene chinkanenedwa.

"Inu? Ngakhale mutatsala mkazi mmodzi m'Blantyre monse muno."

Enifa anagwada n'kuyamba kutola mtedza umodziumodzi.

*

Lachinayi tebulo la samusa silinatuluke. Nkhani inali itafika kale pa siteji. A kabaza ena podutsa pa sitolo ya Majid ankalira ngati nkhumba n'kuwonjezera moto. Anthu ndi otero. Amene dzulo ankapempha kuti awasankhire samusa yaikulu ndi amene lero ankafunsana kuti kodi mkati muja ankaikamo chiyani nthawi yonseyi.

Julius anaimbira Shamima kasanu, osayankhidwa. Masana uthenga unalowa.

"A shehe akuti ndilibe tchimo poti sindinadziwe. Koma a shehe sagula samusa. Lero sindinakazinge."

"Pepani Shami. Si ine. Mwana akuti Enifa anamutuma."

"Ndikufuna kukukhulupirirani. Achimwene akuti mawu a mwana si umboni. Akuti alamu anuwo abwere Loweruka m'mawa anene ndi pakamwa pawo. Akanena, amalume anu abwere Lamulungu."

"Vanessa akukufunsani."

Kenako uthenga wa Shamima unalowa.

"Musamukalipire. Koma asabwere kaye. Ndikakumbuka kadzanja kake mseru ukubweranso."

Julius anawerenga mawuwo katatu. Mwana anali pansi pa mtengo wa mango, akutsinzinitsa chidole chake.

*

Lachisanu m'mawa a ku Chileka anaimba. Ntchito anamulemba. Anati abwere atenge kalata ndi yunifolomu, ayambe Lolemba, seveni koloko azikhala ali pa geti. Anasiya mwana kusukulu, anathamangira ku Chileka, anabwerako thukuta lili kamukamu aphunzitsi asanakhome. Kalata imene anaifunafuna miyezi itatu inali m'thumba la malaya, koma sanakondwere. Tsopano pankafunika munthu woperekeza mwana m'mawa uliwonse, ndiponso munthu wokanena zoona kwa Majid, ndipo zonse ziwirizo zinali m'manja mwa mayi mmodzi.

Madzulo anapita. Mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ananjuta pakhomo pa Enifa ngati wopempha ganyu.

"Alamu, mawu aja ndinalankhula ndi mkwiyo."

"Ati? Munalankhula ambiri."

"Onse."

"Mkazi mmodzi m'Blantyre monse," anatero Enifa akupeta mtedza. "Ndinawerengera usiku, ndinapeza kuti m'Blantyre muli akazi ambiri ndithu."

"Pepani. Ndikupempha mupite kwa a Majid mawa mukanene mmene zinakhalira. Simukakalipiridwa, ndikakhala pomwepo."

"Ndipita. Ndikanena zonse. Mwananso ndiziperekeza, ndi wathu."

Anavomera msanga kwambiri. Julius anathokoza, ndipo kachiwiri sanafunse.

*

Loweruka anakumana pakhonde la nyumba ya Majid, kuseri kwa sitolo. Majid anali pampando, Shamima pamkeka mpango utaphimba mpaka pachipumi, nkhope itachepa. Julius anaika kalata ya ntchito pa katebulo. Enifa anabwera atavala yunifolomu ya kwaya, Baibulo lili m'manja. Anagwada patali, anapereka moni mwaulemu wonse, anafunsa za amayi, anafunsa za malonda.

"Nenani chimene mwadzera, mayi," anatero Majid.

"Ndabwera kupepesa, bambo. Nyama ija ndinaika ndine."

Julius anapuma. Shamima anakweza mutu n'kumuyang'ana koyamba.

"Koma sindinadziwe kuti alamu amabisa," anapitiriza Enifa. "Ndinaipeza m'nyumba mwawo, m'kapoto kovundikira, kuseri kwa thumba la chimanga. Ndinati poti amadya masiku onse, mwananso alaweko."

"Bodza!" Julius anaimirira, mpando n'kugwa. "Bodza limenelo!"

"Khalani pansi, a Saizi. Muli pakhomo panga." Majid anatembenukira kwa Enifa. "Nanga za mbatata?"

"Ataimba ndinawauza kuti ndamuikira kanyama kanu kaja. Anati musanene, ine ndimuuza kuti ndi mbatata." Misozi inayamba kutsika. Anakweza Baibulo lija. "Ine ndine mayi wa mpingo, bambo. Sindinganame nditagwira buku ili."

"Munatuma mwana!" anakuwa Julius. "Munati asunge yonona! Achimwene, ndikamutenge mwanayo anene yekha."

"Mwana wagona nanu masiku atatu," anatero Enifa akupukuta maso. "Anena chimene mwamuphunzitsa."

"Ndiye kafunseni wopha nkhumba kuseri kwa msika. Akuuzani amene anagula."

Majid anaseka pang'ono, kuseka kosakoma.

"Ine ndikaime pa chiwaya cha nkhumba, anthu akuona, n'kumafunsa mafunso?"

"Ndimubweretsa kuno."

"Mubweretse wopha nkhumba pakhomo pa amayi anga? Bakuli silinakwane?"

Shamima analankhula motsitsa, ngati pakhondepo pali awiri okha.

"Julius, tandiyang'anani. Mu Epulo munasiyadi?"

"Ndinasiya, Shami. Mulungu akuona."

"Nayenso mayiyu akuti Mulungu akuona," anatero Majid. "Mulungu wanu ndi mmodzi, buku lanu ndi limodzi, nyumba zanu zayandikana. Ine ndidziwa bwanji? Chimene ndikudziwa n'chakuti chinalowa m'kamwa mwa mlongo wanga chinachokera pakhomo panu. Shamima, lowa m'nyumba."

Shamima anaimirira. Pakhomo anaima, dzanja lili pa chitseko, ngati akufuna kunena kanthu. Majid anamutchula dzina kachiwiri, ndipo analowa.

Majid anakankha kalata ya ntchito ndi chala chimodzi, osaitsegula.

"Amalume anu muwauze asavutike ndi ulendo. Shamima akupita ku Balaka mawa kwa azakhali ake, akapume. Foni yake ikhala ndi ine."

Atatuluka pamsewu Enifa anapinda kansalu kopukutira misozi n'kukaika m'Baibulo.

"Lolemba mumudzutse msanga mwana, alamu. Ine sindikonda kuchedwa."

*

Lolemba faifi koloko, kusanache bwino, Julius anagogoda pakhomo pa Enifa atavala yunifolomu, mwana ali mtulo paphewa. Enifa anatsegula, anamulandira mwanayo, anati muyende bwino, n'kutseka.

Pa siteji minibasi inali itayatsa kale. Kutsidya kwa msewu, pakhonde la sitolo ya Majid, panalibe tebulo.

"Kwerani a Kapado, kutsogolo mpando ulipo!" anakuwa kondakitala, ndipo amene anali mkati anaseka.

Julius anakwera.

Shamima ali ku Balaka. Vanessa amaperekezedwa ndi Enifa, ndipo amadutsa njira ya kuseri, yosaona sitolo. A kwa Matewere sananenebe tsiku losudzula. Nyama ija Enifa anaigula yekha Lachiwiri madzulo kuseri kwa msika, anaikazinga kunyumba kwake. Pa Lirangwe amati anagula ndi Julius.